Mbale ya Abiti Juma

Tamanda ndi Yamikani, ana anga, nthawi zonse mukaimba foni mumandifunsa chimene ndikukakamira pa Nkope pano ndekhandekha, chikhalirecho ntchito ndinapuma kalekale, amayi anu anatisiya, ndipo chipinda munandikonzera kale ku Lilongweko. Ine ndimayankha kuti kumeneko kumazizira, mawondo angawa sangapirire. Zimenezo n'zoona, koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Chenichenicho n'chachitali, mayunitsi anu sangachikwanitse, choncho ndachisungira kalata ino. Za ubwana wanga ku Dowa musayembekezere zambiri: ndinkaweta mbuzi, ndinkapita kusukulu wopanda nsapato ngati ana ena onse, basi. Moyo wanga unayambira pantchito, ndipo funso limene landisautsa zaka zonsezi ndi limodzi: kodi ine ndine munthu wa pano, kapena ndine mlendo amene anangochedwa kupita?

Nkope, zaka za m'ma 1980

Ndinafika pa Nkope pa lole ya ofesi, nditanyamula sutikesi, matiresi ndi mkazi watsopano, amayi anu a Esnart. Anandituma kudzakhala mlangizi wa zausodzi. Tangoganizani, munthu wa ku Dowa amene nyanja anayamba kuiona ndevu zitamera kale, kudzalangiza anthu obadwira m'bwato. M'mutu mwanga munali malangizo a anthu awiri, ndipo awiriwa akhala akukangana mwa ine mpaka lero.

Oyamba anali mayi wina amene ankatiphunzitsa kukoleji. Phunziro lawo linali la kakhalidwe ka anthu, ndipo ife tinkaliona ngati lotayitsa nthawi, poti tinkafuna kumva za maukonde ndi mainjini. Ankakonda kutchula dzina lina lalitali lachizungu, fenomenoloje, moti tinangowatcha Mayi Fenomena. Tsiku lina anatiuza kuti mawa lake tisapereke moni kwa aliyense, tisayankhenso moni, kuyambira podzuka mpaka nthawi ya nkhomaliro. Tinaseka, tinati ntchito yophweka bwanji. Koma dzuwa lisanafike paliwombo zinthu zinali zitaipa kale. Wophika anabwera kudzafunsa ngati kwathu kwagwa zovuta, mlonda anakatinenera kwa akuluakulu kuti tikukonza sitalaka, ndipo mnzanga wina anatsala pang'ono kumenyedwa ndi dalaivala amene anamudutsa ngati chitsa. Titabwerera m'kalasi, mayiwo anatifunsa kuti lamulo la moni linalembedwa m'buku liti.

"Zimene zimagwira mudzi si zimene anthu amanena," anatero. "Ndi zimene aliyense amadziwa, moti palibe amene amaona chifukwa chozinenera. Mwini mudzi saziona, monga munthu saona mphuno yake. Inu mukupita ngati alendo, mudzaziona chifukwa mudzapunthwa nazo. Mukapunthwa, musathamangire kunena kuti anthuwa ndi osadziwa. Funsani kaye kuti chinthuchi kwa eni ake chikutanthauza chiyani."

Achiwiri anali bwana wanga woyamba kuboma, a Gondwe, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, amene ankavala tayi ngakhale mu Okutobala. Tsiku londitumiza anatseka chitseko cha ofesi n'kundiuza kuti mlangizi amene ndikukamulowa m'malo anachotsedwa chifukwa ananenepa ndi nsomba za eni.

"Mnyamata, nsomba ya msodzi usadye. Ukalandira imodzi lero, mawa ukadzapeza ukonde wake uli woletsedwa, pakhosi pako padzaima munga. Ukafuna ndiwo, gula."

Sabata yoyamba isanathe, m'mawa wina ndikupukuta nsapato, ndinamva odi pakhomo. Anali Abiti Juma, mkazi wa Che Saidi, mwini wa khoka lalikulu pagombe lathu. Khoka, ndikulembera zidzukulu zanga zakutauni, ndi ukonde wautali umene amauponya ndi bwato n'kumaukokera kumtunda ndi zingwe ziwiri. Mayiwo anagwada pakhonde ndi mbale yovundikira ndi mbale inzake. Amayi anu anali atalandira kale ndi manja awiri, atavundukula, akumwetulira: nsomba ziwiri za chambo zongovuulidwa kumene. Ine ndinatuluka nsapato ina kuphazi ina kumanja, n'kuwauza kuti abweze. Ndinafotokoza bwinobwino, m'Chichewa cha kuofesi, kuti wantchito wa boma saloledwa kulandira mphatso kwa anthu amene akuwayang'anira. Abiti Juma anamvetsera maso ali pansi. Anangoti sikomo, kuthokoza kwa Chiyao, natenga mbale yawo. Pobwerera sanaivundikire, kaya anaiwala kaya anachita dala, moti mudzi wonse unaona nsomba zikubwerera kumene zinachokera.

Amayi anu sanali munthu wokweza mawu. Anadikira kuti mlendo apote kaye kuseri kwa nyumba, kenako anati:

"Abambo, si nsomba mwabwezazi. Mwabweza moni."

Pomwepo ndinawakumbukira Mayi Fenomena. Koma ndinawakumbukiranso a Gondwe ndi munga wawo. Nsomba zinali zomwezo, mbale yomweyo. Kuofesi dzina lake linali ziphuphu, pagombe dzina lake linali takulandirani, ndipo palibe mbali imene inkanama. Ndinasankha ofesi. Sindikulemba izi polapa ayi. Ndinaona anzanga ambiri amene anayamba ndi mbale imodzi n'kumaliza akulondera maukonde oletsedwa. Ndikungofuna mudziwe zimene zinatsatira.

Kupunthwa kunapitirira. Msonkhano wanga woyamba ndinauitanitsa Lachisanu masana. Ndinakhala ndekha pansi pa mtengo ndi mapepala anga, mbuzi zikundiyang'ana, amuna onse ali kumzikiti. Palibe amene anandichenjeza, poti ndani sadziwa kuti Lachisanu ndi Lachisanu? Amati safunsa anadya phula, koma ungafunse bwanji chinthu chimene sukudziwa n'komwe kuti chilipo? Ndinapinda mapepala n'kubwerera kunyumba, amayi anu akubisa kuseka kumbuyo kwa chitenje.

Pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kuziona zinthu zija sanena. Khoka likamakokedwa, aliyense wodutsa akhoza kugwira chingwe, kaya ndi nkhalamba, kaya ndi mlendo wodikira basi, ndipo ukonde ukafika kumtunda amapatsidwa za ndiwo, osapempha, osathokozanso kwambiri. Kunyumba kumene kuli wodwala, kapena mayi wochira kumene, kapena wamasiye, mbale imapita yokha. Mbaleyo sibwerera yopanda kanthu: amaikamo chinangwa, mango, kamchere, chilichonse chimene chilipo. Sibwereranso tsiku lomwelo, chifukwa kubweza msanga kuli ngati kumuuza mnzako kuti zathu zithere pomwepa. Nditafunsa mkulu wina kuti mwambowu unayamba bwanji, anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene madzi amanyowetsera. Anati palibe mwambo uliwonse, ndi mmene anthu amakhalira basi. Mbale zinkayenda m'mudzi monsemo, kudutsa pakhomo pathu osaima. Ine ndiwo ndinkagula, ndipo ankandigulitsa mwaulemu wonse.

Dzina langa la Fanuel linathera pa lole. Ndinakhala Alangizi. Amene analipo ine ndisanabwere analinso Alangizi, ndipo anthu ankandikumbutsa zimene ndinanena chaka chatha, pamene chaka chathacho ine ndinali ndikali kukoleji. Kwa iwo Alangizi anali munthu mmodzi amene amangosintha nkhope: amavala kaki, amayeza maso a ukonde, amakonda misonkhano, ndipo tsiku lina lole imabwera kudzamutenga. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iwo ankangodikira dzuwa. Amene anapeza dzina ndi amayi anu okha. Chiyao anachiphunzirira pachitsime, ankagona kumaliro, ankathandiza kuphika pa sadaka ngakhale anali Mkhristu, ndipo iwe Tamanda utabadwa anakhala amake Tamanda mudzi wonse. Nsomba sankalandira, poti anandilonjeza, koma mbale za mtedza wa ku Dowa zinkatuluka m'nyumba mwathu n'kubwera ndi chinangwa. Za chinangwa a Gondwe sananenepo kanthu, choncho ine ndinkayang'ana kumbali.

Makokola ndi Chiponde, zaka za m'ma 1990

Kenako anandisamutsira ku Makokola. Banja ndinalisiya pa Nkope chifukwa cha sukulu yanu, ine n'kumabwera kumapeto kwa mwezi. Inali nthawi ya kusowa. Anandipatsa njinga yamoto, koma mafuta ankabwera mwa apo ndi apo, moti njingayo inkangogona m'chipinda changa ngati wodwala, ine n'kumaponda mchenga kuchoka gombe lina kupita lina. Bwana wa nthawi imeneyo, a Matola, ankakhulupirira kuti vuto lililonse mankhwala ake ndi msonkhano. Ndikawauza kuti mafuta kulibe, ankaitanitsa msonkhano wokambirana za mafuta, umene ine ndinkalephera kufikako chifukwa cha mafuta omwewo. Mawa lake ankandikalipira kuti sindilemekeza misonkhano.

Alendo a kuhotela akandiona ndi yunifolomu ankandiyesa mlonda, ena mpaka kundipatsa makamera kuti ndiwajambule. Ku Chiponde, kumene ndinakakhala pambuyo pake kuyang'anira nsomba zouma zodutsa pachipata cha malire, amalonda akandiona ankangoti boma labwera, nkhani n'kuduka. Ndinkadya ndekha m'kachipinda ka lendi, wailesi ili pafupi kuti mumveke mawu a munthu. Ndinasungulumwa kwambiri zaka zimenezo, ndipo sindinauze aliyense, ngakhale amayi anu.

Koma ndisamangoloza ena chala. Nanenso ndinkasanja anthu m'madengu monga amachitira amayi a geni, usipa uku, utaka uko. M'malipoti ndinkalemba kuti asodzi safuna kusintha, amalonda ndi akamberembere, ngati kuti msodzi ndi mmodzi nyanja yonseyi. Mayi Fenomena ankati palibe munthu angathe tsiku popanda madengu oterewa. Ukakwera basi sufunsa dzina la dalaivala kapena kwawo; umangodziwa kuti dalaivala amayendetsa, iyenso amadziwa kuti wokwera amakhala pansi, ndipo nonse mumafika. Kwa anthu osadziwana dengu limathandiza. Chimene mayiwo sanatiuze ndi mmene zimapwetekera kukhala m'dengu zaka zambiri pakati pa anthu amene ukuonana nawo m'mawa uliwonse.

Atandibwezera pa Nkope, munthu woyamba kundiitana kuti ndikhale pansi anali Che Saidi omwe aja. Anali pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi golosale, bawo lili patsogolo, mnzawo wosewera naye atasamukira kwa ana ake. Anandikodola.

"Khalani, Alangizi. Bawo si nsomba. Kapena nalonso analiletsa kubomako?"

Ndinakhala. Kuyambira pamenepo masana ambiri ankatipeza pamtengo umenewo. Ankandidya nkhomo mopanda chisoni, uku akunena kuti munthu wa ku Dowa amasewera bawo ngati akupalira fodya. Nthawi ya swala ikakwana ankanyamuka kupita kumzikiti, ine n'kutsala ndikulondera bawo, ndipo pobwera sankayang'ana n'komwe ngati ndasuntha kanthu. Sitinkakamba zambiri: mwera, mawondo, ana. Imvi zinatimera tikuyang'anizana. M'nyumba mwawo sindinalowemo, iwonso mwanga sanalowemo, ndipo nsomba sanandipatsenso. Komabe ndikamati ndinali ndi mnzanga padziko pano, ndimanena iwowo.

Nkope, chaka cha njala

Chaka chimenecho mukuchikumbukira, anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi. Nyanja inatsekedwa monga mwa nthawi zonse mvula ikamayamba, kuti chambo chiswane, ndipo makoka onse anayenera kukhala kumtunda. M'mawa wina ndikuyendera gombe ndinapeza anthu akukoka. Atandiona sanathawe, njala inali itawachotsa mantha. Khoka linali la Che Saidi. Litafika kumtunda ndinaona kuti m'kati mwake anasokereramo neti yotetezera udzudzu, ndipo munadzaza kasawala, tiana ta chambo tosakwana chala. Tinali tambirimbiri, tikuphiriphitha pamchenga, ana akutolera m'malaya.

Lamulo linali lomveka: ukonde wotero umalandidwa. Bwana anali kutali, wapolisi panalibe. Ndikanatha kutembenuka n'kumayang'ana mapiri a kutsidya, ndipo palibe amene akanandinenera. Anthu onse ankayang'ana ine, akuyang'ananso Che Saidi, poti za bawo lathu ankazidziwa. Mkuluyo anabwera pang'onopang'ono, anaima pafupi nane, nalankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Alangizi, mukanakhala kuti munadyapo nsomba yanga, lero ndikanakupemphani. Koma simunadyepo. Ndilibe poyambira. Gwirani ntchito yanu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. A Gondwe ananena zoona: pakhosi panga panalibe munga, ndinali womasuka kuchita chilungamo. Koma kumasuka kumeneko kunatanthauzanso kuti pagombe lonselo panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene akanandigwira dzanja n'kunena kuti achimwene, tamverani. Ndinayang'ana ana aja, ndinayang'ana kasawala. Tinsomba timeneto tikanasiyidwa, tikanadzadyetsa ana omwewo chaka chamawa. Ndinalanda khoka. Nsombazo ndinati agawane, poti zinali zitafa kale. Amene anandithandiza kupinda ukonde ndi kuukweza pangolo anali Che Saidi eni ake, ati chifukwa ine ndiupinda molakwika n'kuuwononga.

Ukondewo sunabwerenso. Mwana wawo wamkulu, Yusufu, anapita ku Joni kukasaka maganyu, ndipo banjalo linavutika zaka zingapo. Amayi anu sanandidzudzule. Anangotapa ufa m'thumba lathu n'kupita nawo kwa Abiti Juma, ndipo anabwera nawo wonse. Abiti Juma anawauza kuti mtedza wa amake Tamanda amalandira, koma ufa wa Alangizi ayi. Patapita milungu ndinadutsa pamtengo wa mango. Che Saidi anali pomwepo. Anandikodola ngati kale, tinasewera, anandidya ngati kale, ndipo za khoka sitinakambepo mpaka imfa yawo. Mpaka lero ndikukhulupirira kuti ndinachita choyenera, ndipo mpaka lero ndikamadutsa pamalo paja ndimafulumiza miyendo.

Chaka chotsatira kuboma kunali maphunziro a masiku ochepa, ndipo mmodzi wa ophunzitsa anali Mayi Fenomena, atakalamba, mutu uli mbuu. Nthawi ya tiyi ndinawafotokozera zonse, kuyambira mbale mpaka khoka, ndikuyembekeza kuti andiuza amene analakwa. Anandifunsa mafunso ambiri, makamaka za mmene Che Saidi anapindira ukonde uja. Anati munthu sakhala m'dziko limodzi: ofesi ndi dziko, gombe ndi dziko, mzikiti ndi dziko, lililonse ndi zoona zake, ndipo ambirife timangochoka kwina kulowa kwina osazindikira. Ine, ati, ntchito inandiimika pamalire. Nditakakamira kuti nanga ndikanatani, anaseka.

"A Fanuel, ine ndinakuphunzitsani kuona. Kusankha sindiphunzitsa."

Anali munthu woyamba kunditchula dzina langa patapita zaka zambiri, kupatula amayi anu akakwiya.

Nkope ndi Dowa, nditapuma ntchito

Nditapuma, anatumiza mlangizi wina wa njinga yamoto yonyezimira, ndipo tsiku lomwelo dzina linasamukira kwa iye. Ine ndinatsala Alangizi akale. Kanyumba kano tinali titamanga kale, chifukwa amayi anu anakanitsitsa zobwerera ku Dowa, ndipo atadwala ananena poyera kuti adzaikidwe pano. Maliro awo munawaona nokha. Bwalo linadzaza, amayi achisilamu anagona pano pamodzi ndi amayi a kutchalitchi, ndipo amuna amene sindinkadziwa n'komwe kuti amatidziwa anapita kukathandiza kukumba. Pakati pa chisoni ndinanyada, ndinati kani ndife anthu a pano. Koma anthu atabalalika ndinazindikira kuti onsewo anadzera amake Tamanda. Odi uja ankamveka pakhomo kuyambira m'mawa anali wawo. Mbale za mtedza ndi chinangwa zinaleka. Palibe amene ankandida. Panjira ankandipatsa moni mwaulemu. Kungoti mudzi wonse unkadziwa, ngakhale ana obadwa dzulo, kuti kunyumba ija sapititsako kanthu. Palibe amene anawauza. Ine mwini ndinali nditasanduka chimodzi mwa zinthu zija sanena.

M'nyumba namo zinthu zinasokonekera. M'mawa ndinkatulutsa makapu awiri. Ndikamva nkhani pawailesi ndinkatembenuka kuti ndiwauze. Sindinkadziwa kuti tsiku limayenda chifukwa pali wina amene mukuliona naye limodzi, amene ukati kwatentha lero amati eetu, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsopano ndinkati kwatentha lero, mawuwo n'kungokhala m'malere.

Ndi pamene munandikakamiza kuti ndikayeseko kumudzi. Ndinapita. Zidzukulu za achemwali anga zinanditulutsira mpando izo zitakhala pamphasa, zinandiphera nkhuku, ndipo zinkanditcha agogo a kunyanja. Nthabwala zawo zinali za anthu amene sindinkawadziwa, ndipo anthu amene ine ndinkafunsa anali kumanda. Mudzi umene ndinausunga mumtima zaka zonsezi unali utaphwasuka kalekale ine osadziwa. Nditayamba kumva anthu akufunsana kuseri kuti kodi abwerera liti, ndinakwera basi.

Che Saidi anamwalira chaka chatha, tsiku limene ine ndinapita kuboma kukatenga mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Asilamu sachedwetsa maliro. Pobwera ndinapeza ataikidwa kale. Foni ndinali nayo m'thumba tsiku lonselo. Nditapita kukapepesa, Yusufu, amene anabwerako ku Joni n'kugula khoka lakelake, anandilandira bwino, nanditulutsira mpando.

"Pepani Alangizi, sitinafune kukuvutitsani."

Ndinabwerera kunyumba n'kukalira ngati mwana, poti panalibe wondiona.

Nkope, chaka chino

Sabata yathayi, iwe Yamikani utanena kuti ubwera ndi galimoto kudzanditenga zivute zitani, ndinati ndisanachoke ndichite chinthu chimodzi chimene sindinachitepo. M'mawa ndinavala kabudula wakale n'kutsikira kugombe. Nyanja inali yotsegula, khoka la Yusufu lili m'madzi. Maso a ukonde wake ndinali nditawasuzumira kale dzulo lake uli poyanika, poti ntchito sichoka m'thupi, ndipo anali oyenera. Ndinapita kumapeto kwa mzere n'kugwira chingwe.

Okoka anatembenuka, wina anaseka, wina anati Alangizi akale mugwa. Chingwe cha khoka n'cholemera kuposa mmene chimaonekera, ndipo sukoka ndi manja, umakoka ndi msana uku ukubwerera chambuyo. Poyamba ndinkapondana ndi wa patsogolo panga. Kenako, sindikudziwa kuti zinachitika bwanji, phazi langa linayamba kugwa pamodzi ndi mapazi awo, iwo akapuma inenso ndapuma. Palibe amene ankalamula. Zaka zonse zija ndinkaima pambali ndi choyezera m'manja ndikuona anthu akukoka ukonde, osadziwa kuti ukakhala pamzere zimamveka chonchi.

Ukonde unafika. Nsomba zinali zochepa, utaka ndi tina tating'ono. Chambo masiku ano n'chosowa. Yusufu anayamba kugawa za ndiwo, kutapira aliyense amene anagwira chingwe. Atafika pa ine anaima. Anandiyang'ana, anayang'ana nsomba zili m'manja mwake, kenako anaweramitsa mutu mwaulemu n'kupitirira kwa wotsatira. Sanachite mwano. Ankadziwa chimene mudzi wonse umadziwa. Ine kupempha sindikanatha, poti za ndiwo sapempha. Ndinakwera kumtunda manja ali matuza okhaokha, ndipo nditafika kunyumba ndinatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati.

Masana ndikupinda malaya ndinamva odi. Ndinayesa makutu akundinamiza. Anali Abiti Juma, atakalamba zedi, ndodo kudzanja lina, mbale yovundikira kudzanja linalo. Kugwada sangathenso, anakhala pasitepe ya khonde, napuma kaye.

"Ndamva kuti munagwira chingwe, bambo ake a Tamanda."

Ndinavomera ndi mutu. Dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo pakamwa pa munthu wa m'mudzi muno.

"Mwana uja ndamukalipira. Wogwira chingwe sapita chimanjamanja, kaya ndi ndani." Anakankhira mbale kwa ine. "Kaya mubwezanso. Miyendo yangayi ulendo wachiwiri singathe."

Amene anagwada ndine, mawondo akulira, n'kulandira ndi manja awiri. Munali utaka wowerengeka. Ndinafuna kunena zambiri, za khoka lija, za amuna awo, za m'mawa uja wa nsapato imodzi, koma iwo anali atayamba kale kudandaula za mwera ndi msana, ngati kuti palibe chachitika, ndipo ndinazindikira kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Ndinangoti sikomo. Atapita ndinalowa m'nyumba mbale ili m'manja, n'kutembenukira kumene amayi anu ankakhala kuti ndiwaonetse. Munali zii. Iwo ndi amene anayenera kuilandira mbale imeneyi, anaidikira zaka zonse zija osadandaula. Nsombazo ndinaphika ndekha, mchere n'kuchulutsa, ndinadya ndekha misozi ili m'maso.

Kusungulumwa sikunathe, ndisakunamizeni. Bawo lilibe wosewera naye, ndipo masiku ena makapu ndimatulutsabe awiri. Koma sutikesi ndinaibwezera pamwamba pa kabati. Mbale ya Abiti Juma ili patebulo pano pamene ndikulemba, yotsukatsuka, ndipo paja sibwerera tsiku lomwelo, sibwereranso yopanda kanthu. Yamikani, ukamabwera usachotse mipando m'galimoto, katundu wosamutsa palibe. Ungodzera ku Dowa unditengereko mtedza. Sindingasamuke ndili ndi mbale ya eni.